Zolemba za timu yathu ya basketball ku Salima, chaka cha 2024

10 Febuluwale

Ndimaphunzitsa zowotcherera pa koleji ina yaing'ono ya ntchito zamanja kuno ku Salima, ndipo chaka chino andipatsanso timu ya anyamata ya basketball kuti ndiziyang'anira. Ndizilemba pano zonse, ndalama, zipangizo ndi zovuta, chifukwa ndikudziwa kuti m'mbali mwa nyanja muno muli aphunzitsi ambiri amene ali ndi anyamata okonda mpirawu koma poyambira pakuwasowa.

Lero tawerenga zomwe tili nazo. Anyamata alipo 17. Mipira ndi iwiri: wa saizi 7, womwe ndi wa amuna, ndi wa saizi 6 wa atsikana, umene ukapopedwa madzulo m'mawa umapezeka utaphwa. Bwalo ndi la simenti, lakalekale, long'aluka pakati kuchoka mbali ina kukafika inzake, ndipo udzu wamera m'ming'alumo. Bolodi ya kumpoto ndi yathabwa, inavunda ndi mvula. Ya kumwera yapendekeka. Neti kulibe, jeresi kulibe; chaka chatha ankabwereka za anzawo a mpira wamiyendo.

Thumba la masewero la ophunzira latipatsa K350,000. Sipita patali ndalama imeneyi, pakuti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala wathayu, katundu wa mu hadiweya wakwera yense.

Aphunzitsi a matimu asanu ndi limodzi tagwirizana pa WhatsApp zosewera kaligi kathukathu kuyambira mu Meyi: ife, koleji ina ya ku Nkhotakota, timu ya ku Dwangwa, ya ku Mvera, ya ku Chipoka ndi ya anyamata a pa boma pano. Kwathu ndi kwawo, masewero khumi timu iliyonse, kenako anayi apamwamba adzalimbirana chikho. Timu iliyonse isonkha K40,000 ya oyimbira ndi chikhocho. Mu CEZOBAL, ligi ya chigawo chapakati, sitingalowemo panopa, chifukwa masewero ake ambiri amachitikira ku Lilongwe ndipo ulendo wa sabata ndi sabata ungatimalize.

2 Malichi

Tayeza bwalo ndi tepi ya amisiri. Malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball pa dziko lonse, amafuna mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi. Lathu lili 26 ndi 15. Ringi iyenera kukhala pa 3.05 kuchokera pansi; ya kumwera taipeza pa 2.92. Izi zikutanthauza kuti anyamata akhala akuzolowetsa mkono kuponyera pa ringi yotsika, ndipo akapita pa bwalo lolondola mpira uliwonse uzigunda kutsogolo kwa ringi. Zimenezi ndiye zandichititsa kuti tiyambe ndi bwalo, tisanaganize za jeresi.

Tiwonjezera mita imodzi mbali iliyonse ya m'litali. Ophunzira zomangamanga ndi mphunzitsi wawo avomera kugwira ntchitoyi ngati pulakitiko yawo, ndiye za amisiri sitilipira. Simenti tagula matumba 20 pa K19,500 lililonse. Ndalama ija yathera pomwepo, inaperewera ndithu. Zina zachokera kwa ophunzira akale: tinawayambitsira gulu pa WhatsApp, ndipo ena ali ku Lilongwe, ena ku Joni, akutumiza pa Airtel Money ndi Mpamba, wina K5,000, wina K30,000. Ife a zowotcherera tayamba kupanga mbaula ndi mafelemu a mawindo kuchokera ku zitsulo zotsala, n'kumakagulitsa pa Kamuzu Road Loweruka.

Anzathu a ku Dwangwa atiuza kuti madzi osefukira a sabata ino awaonongera zambiri, anthu ali m'misasa ndipo msewu wa M5 waduka. Tagwirizana kuti masewero awo a kwawo adzabwere kumapeto.

23 Malichi

Konkire ya m'mbali yagwira bwino. Zigamba za pa ming'alu ndiye zakanika zonse. Patangotha sabata zayamba kusendeka ngati khungu la mbatata yophika, moti ukaponda mwamphamvu chigamba chimadzuka chathunthu.

Zifukwa zake tazipeza zitatu. Mchenga unali wa kunyanja, wosalala kwambiri, umene wa ngolo anatibweretsera chifukwa unali pafupi. Matope anangopakidwa pamwamba pa mng'alu osaukumba. Komanso dzuwa la kuno linaumitsa zigambazo tsiku lomwelo, pakuti chaka chino mvula yadula msanga. Pamwamba pa izo mbuzi za m'mudzi woyandikana nafe zinadutsapo usiku n'kusiya mapazi pakona ya kumwera.

Mnzanga wa zomangamanga wati, “Achimwene, simenti sifuna changu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.” Tachita momwe wanenera. Mng'alu uliwonse taukumba ndi tchizulo, pamwamba potambalala pansi popapatiza, kuya kwake masentimita asanu. Tazula mizu ya udzu, tatsuka ndi madzi, tapaka simenti yamadzimadzi, kenako matope a mchenga wa mumtsinje wokhakhala, mawilibala atatu pa thumba limodzi. Tafunditsa masaka onyowa ndipo anyamata agawana zothirira m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu. Kuzungulira bwalo taika minga ya mthethe. Ndinapitanso kwa amfumu kukapempha kuti abusa azidutsitsa mbuzi kwina kwa masiku ochepawa, ndipo anavomera mosavuta. Anangopempha kuti ana a m'mudzimo adziloledwa kusewerapo Lamlungu. Nawonso tawavomera.

Kubwerezaku kwatidyera matumba ena anayi. Mchenga ndi kwale zonse pamodzi K110,000.

13 Epulo

Apa ndiye pa ntchito yanga yeniyeni, ndipo ndifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa ambiri amalakwitsa pamenepa.

Mapolo akale tawazula. Atsopano ndi a paipi ya mainchesi anayi, yokhuthala, ndipo tawakwirira mita imodzi pansi m'konkire, kunja kwa mzere wa kumapeto. Nkhope ya bolodi imayenera kulowa m'bwalo mamita 1.20 kuchokera pa mzerewo, choncho pamafunika mkono wautali wochokera pa polo. Mkono umenewu ukakhala wopanda chochirikiza, mnyamata mmodzi akangolendewera pa ringi zonse zimawerama. Ndaika angle iron ziwiri zopingasa pansi pa mkono ndi imodzi pamwamba yokokera kumbuyo.

Bolodi ndi ya 1.80 ndi 1.05. Ya galasi sitingaikwanitse, ndipo ya pulayiwudi siitha dzinja limodzi kuno. Tagwiritsa ntchito matabwa okhuthala opalidwa bwino, olumikizidwa ndi a ukalipentala, m'felemu ya chitsulo, opakidwa penti katatu mbali zonse ndi m'mphepete momwe. Chofunika kwambiri ndi ichi: ringi isamangiriridwe pa thabwa. Kumbuyo kwa bolodi ndawotcherera pleti yachitsulo pa felemu, ndipo mabawuti anayi a ringi amaboola thabwa n'kukagwira pletiyo. Kulemera konse kumapita ku chitsulo.

Ringi tapinda tokha ndi chitsulo chobulungira cha mamilimita 16, m'kati mwake masentimita 45. Yoyamba inatuluka yosabulungira bwino chifukwa tinaipinda pa manja. Yachiwiri tinaipinda mozunguliza limu yakale ya galimoto yomangidwa pa benchi, ndipo inatuluka bwino. Tingowe ta neti tilipo 12, ndipo tonse tatipala ndi gulayinda kuti tisadule zala. Neti watilukira msodzi wina wa ku Senga Bay ndi chingwe cha nayiloni chomwe amasokera makoka. Wakana kulandira ndalama, wati mwana wake amasewera pa bwaloli Lamlungu.

Magetsi anazima masiku awiri pakati pa ntchito, ndiye kuwotcherera kwina tinachita usiku atayaka. Zitsulo, matabwa, marodi ndi mabawuti: K295,000.

Pojambula mizere, makona tawongola ndi chingwe poyeza 3, 4 ndi 5, monga amachitira amisiri poyala maziko. Mzere wa free throw, poponyera popanda wotchinga mdani akakuchita faulo, uli pa 5.80 kuchokera kumapeto. Wa mapointi atatu tinakhoma msomali pansi pa pakati pa ringi, pa 1.575 kuchokera kumapeto, n'kuzunguliza waya wa 6.75. Gwiritsani waya, chingwe chimatamuka. Mizere ndi ya masentimita asanu, penti ya pamsewu. Penti wamba wa mafuta tinamuyesa pakona ndipo amaterera akagwa mame. Penti ndi thina K130,000. Mipira itatu ya labala ya saizi 7, K38,000 uliwonse. Yachikopa simenti imaidya mwezi umodzi.

4 Meyi

Masewero oyamba, ku Nkhotakota. Tagonja 61 kwa 43.

Tinachita hayala minibasi pa K170,000, anthu 19. Ndalama imeneyi sitidzaitulutsanso motere. Msewu wa kupitirira Kaphatenga ndi wokumbika, tinafika mochedwa, anyamata anatsika miyendo itauma n'kulowa m'bwalo osatenthetsa thupi, m'mimba muli mandasi okha.

Koma chatigonjetsa si msewu. Ndinapatsa mnyamata wina wa chaka choyamba kope kuti azilemba chilichonse. Kopelo likuti tinaponya ma free throw 26, analowa 9. Tinayesa za mapointi atatu kokwana 21, zinalowa ziwiri. Anyamata athu amaonera NBA, ligi ya ku America, pa foni ndipo aliyense akufuna kuponyera kutali ngati Stephen Curry. Anzathuwo amangotola mpira ukagunda ringi n'kuthamanga nawo. M'kotala yachinayi athu anali atagwira m'chiuno.

Pobwerera kaputeni, wa chaka chachiwiri cha zamagetsi, anati, “A kochi, ife mpira timautha, koma mpweya ndi umene watithera.” Ananena zoona, koma theka lake.

25 Meyi

Mwera wayamba. Amene sanakhaleko kunyanja sangamvetse chomwe mphepo imeneyi imachita ndi mpira. Imaomba kuchokera kumwera, masiku ena osalekeza, ndipo bwalo lathu lilibe mpanda. Ukaponyera ku ringi ya kumwera mpira umabwerera m'njira. Ukaponyera kumpoto umapitirira bolodi. Zikhala chonchi mpaka cha mu Ogasiti, ndiye kuti theka la ligi yonse.

Ndawauza anyamata kuti mphepoyi tiitenge ngati mnzathu. Timu iliyonse yobwera kuno idzaponyera kutali ndipo idzaphonya. Ife tidzakhala pansi pa ringi kudikira mpira. Choncho zoyeserera zasintha motere.

Lachiwiri ndi Lachinayi m'mamawa timathamanga pa mchenga, opanda nsapato, kenako kuyenda chammbali titawerama monga potchinga mdani. Mchenga umalimbitsa akakolo ndipo supweteka mawondo ngati simenti. Madzulo, theka loyamba la nthawi palibe woponya mpira ku ringi. Ndi kutchinga kokhakokha: kuima pakati pa munthu wako ndi ringi, kumutsekereza ndi msana mpira ukaponyedwa, kulumpha ndi manja awiri. Tikatero timachita ma lay-up a dzanja lamanzere, kuthamangira ku ringi n'kuponya uli pansi pake, chifukwa mwa anyamata 17 atatu okha ndi amene amatha kumalizira kumanzere. Pomaliza aliyense amaponya ma free throw 30 ali wotopa, mnzake akulemba m'kope. Wotopa, chifukwa pa masewero palibe amene amafika pa mzere umenewo atapuma.

Lamulo ndaika limodzi: wa mapointi atatu aloledwa anyamata awiri okha, ndipo pokhapokha mpira utayamba walowa m'kati n'kutulukanso. Ena sanakondwe. Awiri asiya kubwera, mmodzi mwa iwo waluso kwambiri pa onse. Zandipweteka, chifukwa mwanayo ndimamukonda, koma lamulo silisintha.

Tapambana masewero awiri a pakhomo: Chipoka 48 kwa 35, Mvera 52 kwa 44. Mapointi ndi ochepa, mpira wake wosakongola kuonera, koma kope likuonetsa kuti tikutola mipira yobwerera pa ringi pafupifupi kuwirikiza kawiri anzathu.

22 Juni

Masewero tinaimitsa chifukwa cha maliro a Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, amene anamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 Juni pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Ife a basketball tinawadziwa ngati munthu wa mpira wathu, woti amavala jeresi n'kulowa m'bwalo. Anyamata anapempha okha kuti tikumane pa bwalo, tipemphere, tibalalike osasewera. Tiyambiranso masiku 21 olira akatha.

13 Julayi

Tapambana ena atatu, kuphatikizapo kubweza kwa a ku Nkhotakota pano pakhomo, 50 kwa 46, tsiku limene mwera unali pachimake. Woponya wawo wodalirika anayesa kutali kokwana 11, unalowa umodzi. Mphunzitsi wawo anandigwira dzanja nati, “Bambo, mwatigonjetsa ndi mphepo.” Ndinamuyankha kuti mphepoyo imaomba mbali zonse ziwiri, pakuti pa hafu timasinthana maringi.

Zinthu zitatu zatisautsa mwezi uno.

Chakudya. Chilala cha chaka chino, chomwe boma linalengeza mu Malichi kuti ndi ngozi m'maboma 23, chakweza chimanga, ndipo anyamata ambiri amene amakhala m'nyumba za lendi akudya kamodzi pa tsiku. Sungamuuze munthu wotero kuti athamange pa mchenga. Mnyamata wina anachita chizungulire pa zoyeserera, ndipo nditamufunsa pambali anati chidyereni dzulo masana. Tsopano tikamaliza kuthamanga pamakhala phala la mgaiwa wosakaniza ndi soya ndi nsinjiro. Amayi ena ophika pa koleji pano amatiphikira m'mamawa asanayambe ntchito yawo. Aphunzitsi anzanga akusonkha mwezi ndi mwezi. Tsiku la masewero timadya mpunga ndi usipa maola atatu tisanayambe, ndi nthochi pa hafu. Pa ndalama zonse zomwe tatulutsa, iyi ndi imene ndikuiona phindu lake ndi maso.

Nsapato. Za pa kaunjika zikuyambira K15,000 ndipo simenti imazidya pansi pa miyezi iwiri. Wosoka nsapato wa pa msika akutimatira labala ya tayala yopyapyala pa K2,500. Zimalemera pang'ono koma zimagwira pansi. Nsapato yabwino ivalidwe pa masewero pokha.

Kakolo. Wamtali wathu, wa ukalipentala, anaponda phazi la mnzake potera ndipo anabinya. Ayisi tinakagula kwa ogulitsa nsomba, tinamanga bandeji, mwendo m'mwamba, m'mawa mwake ku chipatala cha boma kukaunikitsa. Fupa silinathyoke. Anzake ankafuna kumukoka ndi kumutikita pomwepo. Musalole zimenezo, kutupa kumangowonjezeka. Akhala kunja masabata atatu.

Jeresi zafika. Mwini malo ena ogona alendo ku Senga Bay, amene anaima pa msewu kuonera masewero athu, watigulira 12 zobiriwira. Manambala tadinda pa boma.

10 Ogasiti

Tagonja ku Dwangwa, 57 kwa 49, ndipo tinali asanu ndi awiri okha. Asanu apita ku atachimenti, ena ku Lilongwe ena ku Kanengo, ndipo sindingamuitane mwana kuti asiye ntchito imene idzamudyetse chifukwa cha mpira. Awiri agwidwa malungo ndipo ali pa LA. Wamtali uja sanachire bwino. Pofika m'kotala yachinayi awiri anali atatuluka ndi mafaulo asanu, pa benchi panalibe wolowa m'malo.

Amene mukuyambitsa kaligi ngati kathu, tengani kalendala ya sukulu musanakonze ndandanda ya masewero. Ife tapempha kuti masewero athu otsala asunthidwire mu Sepitembala, ndipo anzathu avomera.

Za maulendo tapeza njira. Madala ena a lole amene amakatenga mpunga ku Nkhotakota amapita opanda katundu. Timangowonjezera ya mafuta. Wa ku Dwangwa watidyera K95,000, wa ku Mvera K60,000, wa ku Chipoka K45,000. Tikunyamuka m'bandakucha kuti tifike nthawi ilipo yowongola miyendo.

Chabwino chimene chatuluka m'kugonjaku ndi mnyamata wa kope uja. Analowa chifukwa chosowa anthu, ndipo poti wakhala miyezi itatu akuyang'ana ndi kulemba, amadziwa pomwe mpira ugwere asanaudziwe wina aliyense. Ndi wamfupi, koma anatola mipira isanu ndi inayi. Kope tapatsa wina.

7 Sepitembala

Tinapita ku Lilongwe kukaonera masewero a CEZOBAL mu jimu ya ku African Bible College. Ulendo wa makilomita pafupifupi 100, K170,000, ndalama ya mafelemu a mawindo amene tinapangira sukulu ina ya pulayimale. Ena anati ndi kuononga. Ine ndikuti ayi. Ambiri mwa anyamatawa anali asanaonepo basketball ya m'nyumba, yopanda mphepo, ya wotchi ya masekondi 24, nthawi imene timu iyenera kuponya ku ringi ikagwira mpira, yowerengedwa moonekera. Anaona Bravehearts, timu imene imaimira dziko lino m'masewero odzigulira malo mu BAL, ligi ya basketball ya mu Africa, ndipo chimene chinawadabwitsa si kulumpha ayi, koma kulankhula. Potchinga onse asanu amakuwa, kuuzana kumene mdani akuchokera.

Tabwera nazo ziwiri. Kulankhulako, ndi zone ya 2-3, kutchinga malo osati munthu, awiri kutsogolo atatu kumbuyo, yoti tizipumirako miyendo ikatopa kapena wina akakhala ndi mafaulo anayi. Mwera watha tsopano, ndiye adani ayambanso kulowetsa za kutali. Zone tiziigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo. Wotchi ya 24 tilibe, koma pa zoyeserera mnyamata mmodzi amaima pambali ndi foni n'kumawerenga mokweza masekondi khumi omaliza.

Waluso uja amene anachoka mu Meyi wabwera yekha kudzapempha kuti abwerere. Ndinasiyira anzake kuti agamule. Kaputeni anamuuza kuti, “Aise, ubwere, koma uyambire pa mchenga ngati tonsefe.” Wabwera, ndipo akuthamanga.

5 Okutobala

Ligi yatha. Tapambana 8, tagonja 2, tili pamwamba. Aphunzitsi onse agwirizana kuti masewero a chikho adzachitikire pa bwalo lathu, chifukwa ndi lokhalo la miyezo yokwanira ndi maringi ofanana.

Kutentha kwafika poipa. Masana simenti imaotcha mpaka kudutsa nsapato, ndipo mpira ukasiyidwa padzuwa umafufuma n'kumadumpha mopitirira. Zoyeserera tasamutsira 5 koloko m'mawa. Madzi tikumwa a mu ndowa yovundikira, wina aliyense ndi botolo lake, ndipo tsiku la masewero timasungunulamo Thanzi. Ma free throw pa zoyeserera afika pa 21 mwa 30 kwa ambiri. Mu Meyi anali pa 12.

Bawuti imodzi ya ringi ya kumpoto inamasuka ndipo ringi inayamba kugwedera. Taika mawashala a sipuling'i ndi manati awiriawiri. Muziyang'ana mabawuti sabata iliyonse.

2 Novembala

Chikho chimayenera kuseweredwa lero koma talephera. Mafuta asowa. Pa mafilingi siteshoni mizere ya galimoto ikugona pomwepo, ndipo petulo wa K2,530 pa lita akugulitsidwa m'zigubu pa mtengo woposa kuwirikiza kawiri. A ku Dwangwa ndi a ku Nkhotakota sanapeze galimoto. Wina anati tingotenga chikho poti tinatsogola pa ligi. Anyamata akana, ndipo ndanyadira kukana kwawoko. Tasuntha ndi sabata imodzi. Madala a lole aja ali ndi dizilo wokatengera mpunga Lachisanu, ndipo avomera kubwera ndi matimu onse awiri pobwerera. Adzagona m'kalasi, matiresi tabwereka ku hositelo.

9 Novembala

Tatenga chikho.

Tinayamba 6 koloko m'mawa kuthawa dzuwa. Masewero oyamba tinagonjetsa anyamata a pa boma 55 kwa 41, ndipo a ku Nkhotakota anatulutsa Dwangwa. Fainolo inayamba 4 koloko madzulo. Anthu anadzaza mbali zonse, a kabaza ataimika njinga zawo, amfumu atakhala pa mpando umene a ukalipentala anawabweretsera, ana a Lamlungu aja atakwera mu mtengo wa mango.

Kunalibe mphepo ngakhale pang'ono, ndipo woponya wa ku Nkhotakota uja anatilanga. Kotala yoyamba analowetsa zitatu za kutali, ife tili pa zone. Pa hafu tinali kumbuyo 31 kwa 24. Tinasiya zone. Ndinamuika mnyamata wa kope uja pa iyeyo ndi mawu amodzi: “Iwe, usayang'ane mpira, uyang'ane iyeyu. Akapita kukamwa madzi upite naye.” Hafu yachiwiri yonse woponyayo anapeza mapointi anayi okha.

Kotala yachitatu inali ya wamtali wathu. Mpira uliwonse wogunda ringi unali wake, ndipo ankaupereka msanga kwa waluso uja, amene tsopano amathamangira ku ringi m'malo moima kutali. Anzathu anayamba kugwira m'chiuno monga tinachitira ife kwawo mu Meyi, ndipo munthu wotopa amatchinga ndi manja, ndiye mafaulo anachuluka. Kutatsala mphindi imodzi tinali patsogolo 54 kwa 52. Anatichita faulo kawiri dala kuti wotchi iime. Kaputeni analowetsa awiri, iwo anabweza awiri, kenako wa ukalipentala, amene mu Meyi ankalowetsa 8 mwa 30, anaima pa mzere n'kulowetsa onse awiri. Zinathera 58 kwa 54. Kope likuti ma free throw 19 mwa 24, ndipo za mapointi atatu tinayesa zinayi zokha.

Amayi ophika phala aja ndi amene anyamata anayamba kuwapatsa chikho kuti anyamule. Alendo tinadya nawo limodzi mpunga ndi nyama ya mbuzi imene aphunzitsi anagula, ndipo agonanso kuno poti lole inyamuka mawa.

16 Novembala

Ndalama zonse zalowa K2,035,000: thumba la ophunzira K700,000 pa matemu awiri, ophunzira akale K435,000, mbaula ndi mafelemu K640,000, zosonkha za aphunzitsi K260,000. Bwalo lonse, simenti, mchenga, zitsulo ndi penti, ladya K1,003,000. Maulendo K560,000, chakudya K230,000, mipira K114,000, ya ligi K40,000, mabandeji, ayisi ndi Thanzi K35,000. Zatsala K53,000, ndipo ndapereka malisiti onse kwa msungichuma wa ophunzira.

Mng'alu wa pakati wayambanso kuoneka cha kumadzulo, utali wake ngati mita imodzi. Mnzanga wa zomangamanga akuti madzi a padenga la wekishopu amathira pamenepo n'kulowa pansi pa konkire, ndiye sabata ino tikumba ngalande mvula isanayambe. K53,000 ija igula matumba awiri. Mabolodi tiwapakanso penti ndi kuwavundikira ndi pulasitiki pa holide.

Anyamata asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo kaputeni ndi wamtali, akumaliza maphunziro chaka chino. Atsikana 14 alembetsa kuti ayambe timu yawo mu Januwale, ndipo mpira wa saizi 6 uja ukufunika wina. Kalata yofunsa zoyenera kuchita kuti kaligi kathu kadziwike ku BASMAL, bungwe loyendetsa basketball m'dziko muno, talemba aphunzitsi tonse asanu ndi mmodzi, ndipo ipita Lolemba.